Mphete ya Kansalu Kofiira

Ntchito yanga yoyamba ku London ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinabwera kuno kutsatira akazi anga, amene amasamala okalamba ku Ilford, ndipo miyezi yoyamba ndinkangokhala, bambo wathunthu kumadikira kuti mayi aweruke. Tsiku lina ndikuzungulira mupaki ku Barking ndinaona mzungu wachikulire akuyendetsa ditekita pa udzu, makina aja ofufuzira zitsulo pansi. Ine kwathu ndi ku Katete, ndipo ndinatha zaka ndikusaka timiyala ta golide m'mapiri a ku Petauke ndi makina otere. Ndinaonerera mpaka kupirira kunandikanika. Ndinawauza kuti dzanja lawo ndi labwino, koma akuyenda ngati akuthawa mvula.

Anaseka. Dzina lawo linali a Terry, ndipo ntchito yawo inali yopezera anthu mphete, ndolo ndi makiyi zimene ataya. "Ine chiuno chinatha," anatero. "Ndikufuna munthu wa mawondo."

Kasakidwe kake sikanandivute. Koyilo, mbale ya kunsi kwa ditekita ija, iyenera kuyenda chogona, kutsala pang'ono kukhudza nthaka, osainyamula pothera pa dzanja ngati ukutchetcha udzu. Ulendo uliwonse uzibwereza theka la pamene wadutsa kale. Usanayambe umaikweza ndi kuitsitsa pamalo opanda chitsulo mpaka makina azolowere dothi la pamenepo. Ndiye pali batani lotsekera zinyalala kuti zisamalire m'mahedifoni. Limenelo ndi bwenzi la aulesi. Golide wamng'ono amalira chimodzimodzi ndi chotsekulira chitini, ndiye ukatsekera zinyalala watsekera ndi golide yemwe. Kusiyana kwake kunali kumodzi. Golide wa ku Petauke analibe mwini, pamene wa ku London mwini wake amakhala ataima kumbuyo kwako, maso ali pamsana pako.

Chimene sindinkachidziwa ndi kufunsa. M'thumba la jekete a Terry ankayenda ndi kamphete ka mkuwa komangirira kansalu kofiira. "Mphete yovuka yokha imagwera pamapazi," ankatero. "Yoponyedwa imapita kutali, ndipo woponyayo sanena, amachita manyazi. Uzifunsa usanayatse makina." Munthu akavomera, ankamupatsa kamphete kaja kuti aponye monga anaponyera, ife n'kuyambira pamene kansalu kagwera.

Tsiku limene sindiliiwala linali la nyengo yozizira. Tinaitanidwa kunyumba ina ku Barking komweko, ndipo titangofika pakhomo ndinamva nyimbo za maliro m'Chichewa. Azimayi anali atakhala pansi pabalaza, zitenje atamanga pamwamba pa majuzi. Namfedwa anali a Nabanda, namwino wochokera ku Malawi, mayi wamkulu kuposa ine. Amuna awo, oyendetsa basi, anagwa kuntchito ndi mtima, osadzukanso. Thupi linkanyamuka mawa lake kupita ku Lilongwe, ndipo a Nabanda analibe mphete yawo ya ukwati.

Anatitengera kumunda wa kuseri kwa nyumba pamodzi ndi alamu awo, achimwene a malemu. Bambowo ndi amene anayankhula. "Kumudzi akaona chala chili chabe, tikayankha chiyani? Anthu amanena zambiri."

"Inavuka ndikuyanika zovala," anatero a Nabanda, maso ali pansi. Analoza pansi pa chingwe choyanikira.

A Terry anandikodola. Ankafuna ndiwafunse m'chinenero chathu ngati anaiponya. Ine ndinakana. Ndifunse mayi wofedwa, wamkulu, pamaso pa alamu ake, kuti kodi munataya dala mphete imene anakuvekani amuna anu? Kwathu ungatukwanitse amene anakulera. Ndinayatsa makina.

Ndinakhoma zikhomo, kukoka zingwe, n'kugawa malowo m'mizere. Mphete yotayika kumene sikhala pansi pa dothi, choncho zolira mozama ndinkazisiya, n'kumapesa udzu ndi zala paliponse pamene pamveka pafupi. Ndinapeza mawaya a mapegi oyanikira zovala, misomali, zotsekera mabotolo. Nditamaliza ndinatembenuza zingwe n'kubwereza chopingasa. Kamvula kanayamba, kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Mawondo anachita dzanzi. A Terry anatsamira mpanda, maso ali pa ine.

"Kodi makina anuwa ndi enieni?" anafunsa alamu aja.

Ndinapsa mtima, koma ndinameza. Ndinkadziwa kuti makina alibe mlandu. Pansi pa chingwecho mphete panalibe, ndipo a Nabanda ankadziwa. Anaima pamvula osasuntha, akusisita chala chopanda kanthucho, ndipo ndinawamvera chisoni choopsa.

Chakumasana abusa anafika, alamu aja n'kuitanidwa m'nyumba. Ngakhale pamenepo funsolo silinatuluke pakamwa panga. Ndinapempha kamphete ka mkuwa kwa a Terry, ndinakagwira ndi manja awiri n'kukapereka kwa mayiwo.

"Amayi, ine sindikufunsani kanthu. Imani pamene munaima tsiku lija, muchite nako zimene zinachitika. Ife titembenuka."

Tinayang'ana kukhoma, ine ndi a Terry. Ndinamva mapazi awo akuchoka pachingwe kupita kukhomo la kukhitchini. Panapita kanthawi. Kenako anapuma mwamphamvu, ngati munthu wotula katundu. Titacheuka, kansalu kofiira kanali lende pa minga kumapeto kwa munda, pafupi ndi mpanda.

Malo amenewo ndinawaona m'mawa koma sindinawalabadire. Panali chitsamba chachikulu cha minga yoyanga, ndipo theka lake linali litadulidwa mpaka pansi. Nthambi zinali zitaunjikidwa bwinobwino pambali, dothi litapalasidwa ngati padutsa nkhuku. Pampanda panali magolovesi ndi sizasi yodulira mitengo, itayamba dzimbiri.

Ndinatenga sizasiyo n'kudula pang'ono kuti koyilo ilowe. Ndinaiyendetsa pang'onopang'ono pansi pa minga. Kaphokoso kanabwera kafupi, koyera, kofanana uku ndi uku. Ndinapisa dzanja m'masamba owola, minga ikundikanda, ndipo mphete inali pomwepo. Kuchokera pamene wodula uja analekezera, sipanakwane ndi mkono womwe.

A Nabanda sanailandire msanga. Ankayang'ana magolovesi aja.

"Tinayambana ndi amuna anga za mashifiti a kuntchito," anatero motsitsa. "Iwo masana, ine usiku, kumangopatsana moni pa firiji. Ndinaiponya ali pomwepa, n'kumenyetsa chitseko. Sindinaone kumene inapita. Kuyambira tsiku limenelo akaweruka ankangotuluka kudzadula minga. Ine ndimati akundithawa, sakufuna kuyankhula nane. Ndinkawaonera pawindo, ndikufufuma. Ngakhale tiyi sindinawatulutsire." Anatola magolovesi aja pampanda. "Kani ankafuna mphete yanga."

Analira pamenepo, osati kulira kwa pamaliro kuja, koma kwa pansipansi. Ine ndinali chigwadire m'matope, mphete ili m'manja, ndipo misozi inandituluka, sindibisa. A Terry sanamve liwu ndi limodzi lomwe la zimene zinanenedwa, poti zinali m'Chichewa, koma anavula chipewa.

Alamu aja atatuluka, mphete inali itabwerera pachala. "Yapezeka pati?" anafunsa.

"M'munda momwemu, bambo," ndinayankha, ndikukulunga zingwe zanga. Sanafunsenso. A Nabanda analowa m'nyumba atakumbatira magolovesi onyowa aja.

Pobwerera m'galimoto a Terry anangoti, "Ukanafunsa m'mawa, mayi uja sakanaima pamvula nthawi yonse ija." Ndinavomera, ngakhale mpaka lero sindiona kuti ndikanafunsa bwanji alamu ali pomwepo. Masiku ano ndimayamba ndapempha achibale kuti akandiwiritsire madzi a tiyi m'nyumba, titsale ndi mwini mphete yekha, kenako n'kupereka kamphete ka mkuwa, n'kutembenuka. A Terry anapuma ntchito, kamphetekonso anandisiyira.

Bambo woyendetsa basi uja sindinamuonepo, ngakhale pachithunzi. Koma ndikafika kumapeto kwa mzere, pamene chingwe chathera ndipo thupi likuti basi tiyeni kunyumba, ndimamukumbukira. Ndimatambasula dzanja n'kuwonjezera mkono umodzi.