Nambala imene bambo sanaione

Bambo anga anayamba ntchito m'fakitale ya tiyi ku Honde, ku Zimbabwe, ine ndisanabadwe. Sanali kapitawo, sanali kalaliki, ngakhale dzina lawo ankalemba movutikira, koma tiyi sankalowa mu uvuni woumitsira iwo asanavomere. Masamba akathyoledwa, akafota ndi kugayidwa, amayalidwa m'chipinda chozizira kuti avundikike. Amalowamo ali obiriwira, n'kumasintha pang'onopang'ono mpaka kufiirira ngati mkuwa. Ukawachotsa msanga tiyi sakolera, ukachedwa kukoma kumathawa. Ntchito ya bambo inali kunena kuti basi, chotsani. Pa esiteti ponse ankati mkulu ameneyu ali ndi diso.

Tinkakhala m'komboni, m'zipinda ziwiri za kampani, ndipo aliyense wokulira pa esiteti amadziwa kuti nyumba imayenda ndi ntchito. Anzathu a Chimanyika akapuma ntchito ankamanga katundu n'kukwera phiri kupita kumudzi kwawo. Ife tinalibe koteroko. Agogo anachokera ku Mulanje wapansi, anafera pa esiteti pomwepo, ndipo amayi anga anagona m'manda omwewo kuseri kwa mabulugama. Kwathu kunali kumene bambo ankagwira ntchito.

Ine ndinkasesa ku kiliniki ya pa esiteti. Ndinkamasuliranso, chifukwa okalamba athu akadwala Chishona chimawathawa, amabwerera ku Chinyanja cha amayi awo. Ambiri a iwo ndi ogontha, choncho ndinazolowera kulankhula mokuwa. Onjezani apo kuti pakamwa panga sipadikira mutu kuti uganize. Zimenezi ndikuziulula pano kuti pasapezeke wonena kuti ndikudziyeretsa.

Chaka china kunabwera anthu oyeza maso, masiku awiri okha. Ankaona za ng'ala, ankapereka magalasi. Pakati pawo panali mtsikana wofatsa amene ankaphunzira za mmene anthu amaonera mitundu ya zinthu, ndipo anali ndi kabuku kake ka madontho. Bambo sankafuna kupita. Ndinawakakamiza ndine, chifukwa kutchalitchi ankagwira buku la nyimbo kutali ngati likuwotcha. Ndinkafuna apeze magalasi owerengera, basi.

Chipinda chinali chothina, moti mtsikanayo anaika tebulo lake pakhonde pamene panali mzere wa anthu. Tsamba lililonse la kabukuko linali ndi madontho ambirimbiri, ndipo pakati pa madonthowo panabisika nambala ya mtundu wina. Tsamba loyamba bambo anawerenga bwinobwino. Atatsegula lachiwiri, ine ndili kumbuyo kwawo ndinaiona nambala yofiirira, yaikulu, pakati pa madontho obiriwira. Bambo anayang'ana, anapendeketsa mutu, kenako anati palibe kanthu apa, ndi madontho okhaokha.

Ndinaseka. "Ababa, musatichititse manyazi. Nambala yonseyi? Kapena mwaiwala kuwerenga?"

Anthu a pamzere anasuzumira, nawonso anaseka. Tsamba lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi anatchula nambala ina, yosiyana ndi imene tonse tinkaona. Apa mtsikanayo anatseka kabuku, anasendera pafupi, n'kuyamba kufotokoza motsitsa mawu, akusakaniza Chizungu ndi Chishona. Iye anatsitsa mawu, ine ndinakweza monga mwa chizolowezi changa. Chilichonse chimene ananong'ona ndinachilengeza m'Chinyanja khonde lonse likumva.

Anati asayansi anapeza kuti mkati mwa diso muli timaselo ta magulu atatu tolandira kuwala, ndipo ubongo umayerekeza zimene magulu atatuwo akuuza kuti udziwe mtundu wa chinthu. Mwa anthu ena, makamaka amuna, gulu limodzi siligwira ntchito ngati la anzawo, ndiye chofiira ndi chobiriwira zimayandikana mpaka kusokonezeka. Anati si matenda, n'chibadwa, chimadzera kwa amayi, ndipo chilibe mankhwala. Anafunsa kuti bambo amagwira ntchito yanji. Ndinayankha ndine, monyadira. Mtsikanayo anayang'ana anthu a pamzere, ndipo ndi pamenepo ndinazindikira kuti khonde lonse lamva.

Pobwerera kunyumba tinadutsa m'minda, dothi lofiira m'njira, tiyi wobiriwira uku ndi uku. Ndinkayang'ana zimenezi n'kumadzifunsa kuti bambo akuona chiyani. Ndinawafunsa mmene ankadziwira kuti tiyi wapsa zaka zonsezi. 

"Mphuno, mwanawe. Ndi dzanja. Akafika amanunkhira ngati chipatso chakupsa, ndipo kutentha kwake kumasintha. Ine ndinkayesa kuti aliyense amatero. Za mkuwazo ndinkangoti ndi kalankhulidwe ka azungu."

Sananame kwa munthu aliyense. Sankadziwa n'komwe kuti pali chimene akusowa.

Nkhani m'komboni sigona panjira. Sabata isanathe anzawo a m'fakitale anali atayamba kuwakokera malaya awo kumaso. "Sekuru, agogo athu, shati iyi ndi kala yanji? Taurai, nenani tione." Poyamba bambo ankaseka nawo, n'kuwauza kuti malaya ako ndi akuda chifukwa suchapa. Kenako anasiya kuyankha. Ine ndinakalipirana ndi awiri atatu pa mpope, koma ukali wanga unangowonjezera moto.

Dzinja limenelo magetsi ankathima pafupipafupi, zokupizira mphepo m'chipinda chovundikira n'kuima. Mtolo wina wa tiyi unabwezedwa kuti ndi wozilala. Zaka zina zikachitika zotere ankati ndi magetsi, chifukwa analidi magetsi. Ulendo uno wina anakanong'oneza manijala za kabuku kaja. Bambo anawachotsa m'chipinda chawo n'kuwapatsa tsache. Pakhoma anapachika pepala la mitundu yoyerekezera, ndipo munthu wina anaikidwa pamenepo ndi wotchi m'manja.

Ndinapita ku ofesi ndekha, osawauza bambo. Manijalayo sanali munthu woipa, ndipo zimenezo zimandipweteka kwambiri, chifukwa ndinkafuna wina womuda. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandifunsa kuti ogula tiyi akamufunsa amene amaona mtundu wa tiyi wake, awayankhe kuti chiyani. Ndinati awauze kuti munthuyo wakhala akuchita ndi mphuno kwa zaka zonsezi osalakwitsa. Ndinadzimva ndekha mmene mawuwo anamvekera m'chipinda chija. Anandithokoza pobwera.

Miyezi ingapo itadutsa inabwera kalata yoti bambo afika msinkhu wopuma. Mwina akanapumabe posachedwa, sindikudziwa. Koma amene anali ndi luso losowa ankawasunga mpaka miyendo itakana, pamene osesa analipo ambiri. Anatipatsa masiku oti tituluke m'nyumba. Ntchito yanga ya ku kiliniki inali yaganyu, sinkabwera ndi nyumba.

Nthawi imeneyo ndinkawerenga pa foni zonse zimene ndikanapeza zokhudza maso ndi mitundu. Ndinawerenga kuti mtundu suli m'chinthucho ayi, umapangidwa m'mutu mwa woonayo, ndiponso kuti anthu awiri a maso abwinobwino saona zofanana ndendende. Ndinawauza bambo zimenezi ndikuganiza kuti ziwatonthoza. Anangoti chabwino. Chimene ndinaona n'chakuti anayamba kufunsa zinthu zimene sankafunsa. Ngati nthochi yapsa, ngati nyama yavunda, ngati madzi a pa mpope ndi oyera. Munthu amene fakitale yonse inkadikira mawu ake ankandiitana kuti ndidzamuonere mango.

Sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Ndinapepesa kangapo, iwo n'kumati unalakwa chiyani, unangonena zimene anakuuza. Ndikanakonda akanandikalipira. Mtsikana wa kabuku uja sindimuimba mlandu, iye anachita ntchito yake ndipo anayesetsa kubisa. Choonadi chimene anabwera nacho chinali choona ndithu, koma palibe chimene chinatithandiza, ndipo chinadutsa pakamwa panga.

Mchimwene wanga amachita lendi kachipinda ku Gaza, komboni ya m'tauni ya Chipinge, ndipo anati bambo apite kumeneko. Ulendo wake ndi wautali, kutali ndi manda a amayi, kutali ndi aliyense wowadziwa. Tinapeza lole yaing'ono, tinakweza bedi, mipando iwiri ndi njinga. Bambo anakana kukhala kutsogolo, anakwera kumbuyo pamodzi ndi ine. Unali m'mawa, cha m'ma naini.

Msewu wotuluka pa esiteti umadutsa m'mbali mwa fakitale. Titafika pamenepo lole inachepetsa liwiro chifukwa cha maenje, ndipo mphepo inabwera kuchokera m'mazenera a chipinda chovundikira chija. Ndinawaona bambo akudzutsa mutu, mphuno zikututuma.

"Achedwa. Tiyi ameneyo wapitirira, achotse pompano."

Anagwira chitsulo cha lole ngati akufuna kuimirira. Ndinatsala pang'ono kumenya denga kuti dalaivala aime. Koma iwo anasiya chitsulocho, anakhalanso pa matiresi, n'kuika manja pakati pa mawondo.

"Kaya," anatero. "Mwina ali bwino. Iwo akuona."