Duku Lakuda la Apongozi

Ndinaganiza zochoka tili kumanda, dothi la Esinati lisanaume. Ntchito ya kunja ndinali nditaikana iye ali moyo. Titamuika, ndinaivomera. Mwana wathu Tisa ndinamusiya kwa apongozi ku Bundabunda akungoyamba kukwawa. Akuchikazi anali asanandimete, asanandisudzule. Ndinawauza kuti sindichedwa.

Ntchitoyo inali pamwamba pa phiri lozizira, kudziko la azungu. Tinkayeza kutentha kochepetsetsa kumene kunatsala mumlengalenga kuyambira pachiyambi pa chilengedwe. Kutenthako kumabwera kuchokera mbali zonse, ndipo akatswiri ankafuna kudziwa ngati mbali ina ya thambo ndi yofundirako kuposa inzake. Makina athu anali ngati lipenga lalikulu. Ankaloza uku, n'kuloza uko, n'kulemba kusiyana kwake papepala. Ine ndinkawathira mankhwala oziziritsa ndi kupala chipale chogwira kukamwa kwake.

Tikachotsa kusiyana kobwera chifukwa choti dziko lathu likuyenda, palibe kusiyana kwina kumene kunkatsala. Anzanga ankadandaula. Ine zinkandikomera: thambo lopanda malo amene ndinganene kuti apa ndi pomwe panali munthu.

Ndalama ndinkatumiza kudzera kwa mphunzitsi wina wa ku Palabana. Mlamu wanga Yohane ankayankha za mizere ya ufa ndi sopo, za misonkhano ya Chipani, za mano a Tisa. Za mlongo wake sankalemba, ine sindinkafunsa. Lamlungu linkatha osalankhula ndi munthu. Nthawi zina ndinkawapatsa moni makinawo m'Chinyanja kuti lilime lisaume.

Ndinabwerera patatha zaka zinayi. Yohane anandichingamira kumsewu ndi njinga.

"Mwanenepa, alamu. Nanga kumwamba kwanu mwapezako chani?"

"Palibe. Konse nichimodzimodzi."

"Sembe munafunsa ise, osavutika na ndeke."

Tisa anandiyang'ana kamodzi n'kubisala kuseri kwa nkhokwe. Apongozi anakhala pamphasa chammbali, monga mwa ulemu wathu, ndipo ankalankhula kwa Yohane ngakhale ine ndinali pomwepo. Pamutu anali ndi duku lakuda, lomwe lija la pamaliro, litasuluka mpaka kutuwa.

"Uwauze kuti vovala va mwana wanga vikali m'bokosi. Sitingagawe mwamuna wake asanametewe. Uwauze kuti nalema kuilambalala bokosi ija m'nyumba."

Ine ndinkayesa kuti maliro ndinapita nawo ndekha kuphiri. Chonsecho anatsala kuno osatha, akudikira mutu wanga.

M'mawa mwake ndinakhala pachitsa kuseri kwa nyumba. Amalume ake a Esinati anabwera ndi lumo ndi madzi ofunda. Palibe anandidzudzula. Tsitsi litatha kugwa, apongozi anamasula duku lija, n'kulipinda bwinobwino pamwendo.

"Tisa," anatero, "bwera kuno upatse moni atate ako."