Mkaka umene unakana kusasa

Mankhwala amene mwabaya ng'ombe amatulukira mu mkaka, ndipo sakhala malo amodzi. Ena amakwera ndi mafuta a pamwamba, ena amatsalira pansi. Kuwengula sikuwachotsa onse.

Izi ndazidziwa sabata ino chifukwa cha botolo limodzi la mkaka.

Lolemba ndinagula mkaka kwa NyaJere, mayi amene amabwera nawo pa Boma kuchokera kumudzi, njira ya ku Embangweni. Ndinauika pawindo kuti ukhale chambiko. Lachiwiri sunasinthe. Lachitatu, ndi kutentha konseku, unali mbee, wamadzimadzi, osagwirana. Ndinaununkhiza kawiri. Zii.

Nditawauza NyaJere, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Kwathunso, adada. Zikho zonse zakana. Mbwenu wina wadutsa m'khola."

"Ndani?"

"Mlamu wanga, wamasiye uja. Anamuona akusisita ng'ombe yathu ya mkaka. Loweruka abale akhala pansi kuti wamasiyeyo abwerere kwawo."

Ndinafunsa ngati ng'ombeyo inadwalapo. Inde, bere linatupa, ndipo Lamulungu anaibaya jekeseni.

"Koma mafuta onse ndinawengula, ndinapatsa galu," anatero. "Mankhwala amayandama, adada. Wapansiwo ngoyera chomene."

Alangizi a ziweto amene ndinakawafunsa anapukusa mutu. Mankhwala ambiri a nkhupakupa ndi nyongolotsi amakondadi mafuta, ndipo amaunjikana pamwamba. Koma ambiri ochiza bere lotupa amasungunuka m'madzi, choncho amatsala mu mkaka wapansi, umene NyaJere anatigulitsa. Mmenemo amapha tizilombo tosasitsa mkaka. Kuwiritsa sikuwathetsa. Saoneka, sanunkha.

Ndiye galu ananyambita mafuta, mankhwala anatsalira ife ndi ana athu.

Pa botolo lililonse la mankhwala palembedwa masiku amene mkaka uyenera kutayidwa. Ndi angati a ife amene timawerenga? Tilembo take n'tating'ono, ta Chingerezi, pamene dzina la mnansi lili pafupi, losavuta kutchula. Mkaka wanga unaulula chifukwa ndinaudikira masiku atatu. Nanga umene timathira mu tiyi m'mawa womwewo, amaufunsa ndani?

NyaJere anandimvetsera mpaka kumapeto. Anati yewo, koma sanavomere.

"Nanga mlamu wangayo anaisisitiranji ng'ombeyo?"

Botolo la jekeseni akuti likadali patsindwi la khola. Alangizi alonjeza kupita Loweruka m'mawa kukaliwerenga pamaso pa abale onse. Wamasiye uja wayamba kale kumanga katundu.