Mabatire a Lole pa Tsiku la Ukwati

Zaka zimenezo ndinkagwira ntchito yokwera pamadenga, kumangirira timawailesi ta intaneti. Timawailesiti tilibe chingwe chakechake cha magetsi. Moto umakwera m'nthambo yomweyo yodutsa intaneti, kuchokera pa kabokosi kolumikiza kukhoma. Magetsi akathima, zonse zimafa.

Loweruka lina masana anandiimbira bambo ena ogulitsa nsalu ku Area 2, amene ndinawaikira kawailesi kunyumba kwawo ku Area 3.

"Achimwene, fulumirani. Magetsi apita, jenereta yakana, ndipo ashehe afika kale."

Ndinapeza nsapato zili mbwee pakhonde. Mwana wa mng'ono wawo ankakwatiwa tsikulo. Bambo a mtsikanayo anali m'chipatala ku Joni, ndipo ukwati sukanamangidwa iwo asanavomereze ndi pakamwa pawo, mboni zikumva. Madokotala anali atawalola kulankhula kanthawi pang'ono asanalowe nawo ku opaleshoni. Anthu anali atayesa mafoni, koma netiweki inkangodukaduka.

Kawailesiko kankafuna mavolti 24, pomwe batire la galimoto limapereka 12 okha. Pabwalo panali lole yawo yonyamula nsalu. Lole imayendera mabatire awiri. Ine ndi dalaivala tinawamasula, n'kuwaika pakhonde pafupi ndi zenera, ndipo ndinawalumikiza motsatizana.

Kenako ndinasenda nthambo yochokera padenga ija. M'kati mwake muli timawaya tamitundumitundu. Tabuluu ndi tabulauni ndi timene timanyamula moto. Totsalato ndinatisiya kuti tipite ku laputopu imene inali pabalaza. Tabuluu timapita ku pulasi ya batire, tabulauni ku mainasi. Zimenezi ndinkazidziwa ngati dzina langa, koma nditagwada pamenepo mutu unaima. Nanga ngati ndasokoneza? Ukatembenuza, kawailesi kakhoza kupsa, ndipo kena ndinalibe.

"Zitheka?" anafunsa bambowo ataima kumbuyo kwanga.

"Tiyesa, bambo."

"Zoyesa ayi. Mng'ono wanga sindikudziwa ngati adzuke."

Kumwamba kunali kutada, mabingu akumveka chakutali. Munthu wogwira waya wochokera pamtengo wachitsulo padenga saimva bwino mvula yotere. Ndinapima moto ndi mita, n'kupimanso, kenako ndinagunditsa timawayato pa mabatire.

Palibe chinanunkha. Palibenso chinachitika. Kawailesi kamatenga nthawi kuti kadzuke. Mayi wina anayamba kupemphera chapansipansi.

Mwadzidzidzi laputopu inalira. Ndinasuzumira pazenera n'kuona nkhope yowonda ya bambo a mtsikanayo, kachubu kali m'mphuno. Ashehe anapereka moni, n'kuyamba kufunsa. Asanamalize, chithunzi chinauma.

Waya unali utapulumuka pamutu pa batire. Chomangira changa chinali chaching'ono, ndipo nthawi yofuna china panalibe. Ndinaukanikiza ndi chala, n'kukhala chogwada. Tinadikiranso kuti kawailesi kadzuke, ine ndikungoti mumtima, madokotala asamutenge, asamutenge.

Ulendo uno sindinaone kanthu, ndinkangomva. Ashehe anafunsanso. Mawu osasa anayankha pang'onopang'ono: "Ndavomera. Mundisungire mwana wanga."

Ndinkayesa basi zatha, koma anaitana mkwatibwi kuti alankhule ndi bambo ake. Mvula inayamba, ikuwazira pakhonde. Dalaivala anandifunditsa lona pamodzi ndi mabatire. Chala chinachita dzanzi, dzanzilo n'kufika mpaka paphewa. Kung'anima kulikonse ndinkatsinzina. M'nyumba mtsikanayo ankalira, bambo ake akumuuza kuti asiye, awononga zodzola. Ndinagwirabe mpaka namwino wa ku Joni atanena kuti nthawi yakwana.

Anandipatsa mpunga wa nyama, koma supuni inkandigwa m'manja. Bambo ogulitsa nsalu aja anakhala nane pakhonde osadya, foni ili pabondo, kudikira uthenga wa kuchipatala. Nanenso ndinalephera kutsanzika. Dzuwa likulowa, foni ija inalira. Anamvetsera, n'kuphimba nkhope ndi chikhato.

"Watuluka," anatero. "Akuti wapempha madzi."