Telala Amene Anakana Kuyimira Asodzi

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinaipereka ku ofesi ya kata, ya boma ya dera lathu, chaka chatha mvula isanagwe, yachiwiri pokolola mpunga, koma yankho sindinalandire. Makope ake ndili nawo, mu envulopu imodzi ndi kapepala ka a Fundi Mhone.

Ndikawakumbukira a Fundi, ndimamva fungo la makala a m'simbi ndi mafuta a makina osokera. Anali telala woyandikana nafe kuno ku Mbamba Bay, wotsimphina, ndipo m'ngalawa sanakweremo. Masana, amuna akugona m'misasa kumwalo komwe timakocheza ngalawa, amayi akuyanika usipa, pamzere wathu wonse chitseko chotsegula chinali chawo chokha.

Tsiku lina kunabwera a kafukufuku, atasankha nyumba zisanu pamndandanda. Pa zinayi anagogoda, zii. A Fundi anayankha mafunso onse, kenako anafunsa mtsikana wolembayo: "Anzangawa mudzawabwerera liti?"

"Galimoto ikudikira, mzee. Kuofesi tikachulukitsa mayankho anu kuti ayimire amene sitinawapeze."

Makina osokera anaima.

"Muchulukitse ine? Mwana wanga, waona ukonde pakhonde pano? Mukalemba kuti kuno kuli matelala asanu, nsomba zimavuuka zokha!"

Anatsimphina mpaka kumsewu n'kuima kutsogolo kwa galimoto, tepi yoyezera ili m'khosi. Dalaivala analiza injini mwamphamvu, a Fundi osasuntha. Amayi anga anathamanga kuchokera kumchenga akufuula: "Bambo, akupondani!" Galimoto inasendera mpaka kukhudza malaya awo. Kenako inazima. Mtsikana uja anatsika, anapita kumwalo, anakadzutsa bambo anga ndi anzawo atatu. A Fundi anamusainitsa kapepala koti nyumba zonse zisanu zafunsidwa. Kapepalako anandipatsa a Fundi asanamwalire.

Chaka chatha kunabweranso ena, a mafoni m'manja, masananso. Ine ndinali kumwalo ndikusoka ukonde. Anapeza wogulitsa mandazi ndi mphunzitsi wopuma, ndipo panalibe woima pamsewu. Lipoti lawo likuti ambiri kuno sitidalira usodzi, ndiye mwalo wathu aboma akufuna kuupereka kwa womanga nyumba ya alendo.

Kuchulukitsa mayankho sindikukana, pakuti sangafunse anthu onse. Koma msodzi ayimiridwe ndi msodzi mnzake.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti, mwalowo usanapimidwe, a ku ofesi ya kata andiyankhe mwa kalata yosainidwa: anayimira nyumba yanga ndani, ndipo ali ndi ukonde kodi?