Chifunga m'Maso mwa Amuna Anga

Amuna anga anatsika basi pa Chia atagwira chitseko ndi manja onse awiri, akufufuza pansi ndi phazi ngati nkhalamba. Chinali chaka chachiwiri cha matipate, anthu ambiri akwathu atayamba kuthamangira ku Joni. Iwo anali atakhalako miyezi khumi, akuphikira dokotala wina wa maso.

Kuyambira ubwana wawo sankaona patali. Akavula magalasi awo ochindikala aja, ngakhale ine ankandizindikira ndi mawu okha. Dokotalayo atagula makina atsopano opala diso ndi kuwala, anawauza kuti akhoza kusiya magalasi mpaka kalekale. Anavomera. Koma patangotha masiku ochepa chiwakonzereni maso, uthenga unawapeza woti bambo awo amwalira. Maliro anali ataikidwa kale, komabe ananyamuka tsiku lomwelo kuti adzapezeke pa sadaka.

Nditawalandira chikwama ndinaona misozi ikutsika pansi pa magalasi akuda amene anavala. Ndinkayesa akulira bambo awo.

"Si maliro okha ayi," anandinong'oneza. "M'masomu muli ngati athiramo mchenga. Ndikukuona ngati uli kuseri kwa utsi."

Sadaka itatha anadzitsekera m'nyumba. Tinatchinga zenera ndi chitenje chifukwa kuwala kochokera pamadzi a nyanja ya Chia kunkawalasa. Mankhwala odontheza m'maso anatha sabata yachiwiri, ndipo chifunga chija chinangokulirakulira. Munthu amene kale ankawerenga nyuzi yonse atavala magalasi, tsopano ankalephera kuona mwana wake akukwawa pakhomo. Magalasi akale anali opanda ntchito: akawavala, mutu unkazungulira.

Apongozi anga, amayi awo, atamva kuti makinawo amatchedwa leza, anaomba m'manja.

"Leza? Ndiye kuti mwana wanga anamuwombetsa mphenzi m'maso! Mwamuna ndaika dzana, uyu ndimuonererenso?"

M'mawa mwake anabwera ndi kabotolo ka madzi a mizu, obiriwira, ochokera kwa sing'anga wa ku Kanyenda. Ine ndinaima pakhomo. Sindinayambe ndawayankhapo chikwatiwire, koma ndinali nditaonapo mayi wina wa m'mudzi mwathu diso litatuwa mbuu ndi madzi oterowo.

"Amayi, pepani, ndipatseni lero lokha," ndinatero nditagwada. "Ndikafunse kaye."

"Ukafunse ndani? Wabala ndiwe?"

"Lero lokha, amayi. Chonde."

Anaika kabotolo pakhonde, nakhala pomwepo osandiyang'ana.

M'chikwama cha amuna anga munali pepala lachingerezi limene dokotala anawapatsa. Iwo sakanatha kuliwerenga, ine sukulu ndinalekera sitandade 4. Ndinabereka mwana, n'kuyenda m'minda ya mpunga mpaka pachipatala chaching'ono cha kwathu. Ndinadikira pamzere kufikira dzuwa litafika pamutu, mtima uli kunyumba, ndikuopa kuti apongozi alowa kale.

Adokotala a pamenepo, bambo wachikulire, anawerenga pepalalo kawiri, milomo ikugwedera.

"Mayi, ine zimenezi sindinazionepo, ndingokuuzani zimene zalembedwa. Akuti kupweteka ndi kwa masiku oyamba. Chifunga chimatha kukhala masabata, mwina miyezi. Asatikite, asayende padzuwa opanda magalasi akuda, asathiremo china chilichonse. Mankhwala aja asadukize, ndipo azibwerera kukapimidwa."

"Mankhwala anatha, adokotala."

"Ife tilibe. Ndipo si ongogula, amafuna wodziwa maso aziona."

"Ndiye achita khungu?"

Anati, "Sindikudziwa. Pitani nawo ku Lilongwe, kuli dokotala wa maso."

Pobwerera ndinkathamanga, mwana akulira kumsana, matope akundigwira miyendo. Ndinapeza kabotolo kali pakhonde pomwe paja, kosatsegula. Amuna anga anali atapiringidza chitseko m'kati, ndipo apongozi anali atatsamira khoma, akulira mwakachetechete. Ndinawafotokozera zonse za papepala. Atadzuka anakatenga mpango wawo woyera n'kundipatsa.

"Ukamufunditse kumutu m'basimo, fumbi lingamulowe."

Ku Lilongwe tinafika tsiku lachitatu. Dokotala anawaunika nthawi yaitali, n'kupukusa mutu. Anati diso lamanja likupola bwino, koma lamanzere lachita chipsera chifukwa chodukiza mankhwala ndi kuyenda padzuwa. Anatipatsa mankhwala ena, natiuza kuti tizibwera mwezi ndi mwezi. Ndinafunsa ngati chipseracho chidzachoke. Anati mwina pang'ono.

Tinapitako kanayi. Mpunga wa chaka chimenecho mbalame zinadya theka, poti woamira panalibe. Diso lamanja linayera pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina anandiuza kuti akuona bwato kutsidya kwa Chia, ndi anthu awiri m'menemo. Ndinayang'ana, analidi awiri. Lamanzere linatsala ndi kamtambo kake.

Ku Joni sanabwerereko. Dokotala wa ku Joni uja analemba kalata yowaitana kuti akalionenso disolo, koma iwo anati makina aja sadzawagoneranso. Ndinawachonderera miyezi ingapo, ndinatumako ngakhale amalume awo, osatheka. Mapeto ake ndinangosiya. Anayamba kusoka maukonde a anthu pansi pa mtengo wa mango, atapendeketsa mutu kuti aone ndi diso limodzi.