Masiki a Anasingano

Timangowatchula Anasingano chifukwa pa kolala ya bulauzi yawo sipasowa singano. Ndi mayi wamfupi, wamasiye, woyenda motsimphina, ndipo kutchalitchi kwathu amakhala benchi la kumbuyo pafupi ndi chitseko. Kale anali ndi kashopu kosokera kuseri kwa depoti ya mabasi. Chaka cha zisankho ankasokera aliyense, a chipani cholamula ndi a chotsutsa omwe. Anyamata a cholamula atamva zimenezi anabwera n'kuphwanya makina awo ndi miyala. Kenako mliri unafika n'kutenga mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anzake a chotsutsa ankamuuza kuti matendawa ndi bodza la boma.

Ine ndinabereka mwana wanga woyamba matchalitchi ali otseka. Ndinkapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti tsiku lomubatiza bambo anga ndi amuna anga adzakhalepo onse. Koma awiriwa sankamwerana madzi. Bambo ndi a cholamula, amuna anga a chotsutsa. Bambo ankati tchalitchi chikhalebe chotseka, amuna anga n'kumati apongozi akuopa chimfine kuposa Mulungu. Mawuwo atawafika bambo, analumbira kuti denga limodzi ndi mkamwini ameneyu, iwo ayi.

Boma litalola kuti titsegule matchalitchi, lamulo linali loti wopanda masiki asalowe. Anasingano anauza abusa kuti asokera mpingo wonse, pamanja. Ine ndinkapita kukawathandiza kusita, mwana ali kumsana. Chipinda chawo n'chimodzi, matiresi oimika kukhoma, ndi matumba a zidutswa za nsalu zotsala ku shopu kuja. Zonse zinali za zipani, zodinda nkhope za atsogoleri. Iwo ankatenga kachidutswa ka uku ndi ka uko, n'kuyang'anitsa nkhopezo m'kati, kunja kuoneke kotuwa.

Ndinafunsa kuti, "Amayi, anthu akadziwa sakuphani?"

"Andiphe kangati? Tandipatsira sizasiyo."

Chimene sindidzaiwala ndi ichi. Masiki aliyense anali ndi mwini wake asanathe n'komwe. Akalowetsa ulusi ankang'ung'udza: "Uyu ndi wa mayi wogulitsa makala, Ambuye, mphumu imamuvuta." Tsiku lina ndinaona akusoka wamkulu kuposa ena onse. Anati ndi wa mnyamata wina wandevu, kuti ndevu zikwanemo. Mnyamatayo ndinkamudziwa, ndi amene anayamba kuponya mwala pa makina. Anasingano anamupempherera mpaka ulusi kutha, ndi ka mwana kake komwe. Ine simbi inandizizirira m'manja. Kuyambira ku Sande sukulu ndinkamva kuti Yesu anapempherera omupachika, koma ndinkayesa kuti zimenezo zinathera m'Baibulo. Sindinkadziwa kuti zimakhalanso m'chipinda cha lendi, pafupi ndi chidebe cha madzi.

Lamulungu la ubatizo bambo anabwera, koma anati aima pageti, mdzukulu amuonera patali. Anasingano anawatsimphinira ndi masiki m'manja. Bambo anamulandira, n'kumukweza ku dzuwa monga amachitira ndi chilichonse chaulere. Nkhope ya mtsogoleri wa chotsutsa inaonekera.

"Mayi, mukufuna ndizipumira munthu ameneyu?"

"Tembenuzani achimwene, wanu ali kuseri. Akuonana okha m'katimo."

Amuna anga anali pakhomo la tchalitchi, ndipo anaseka kwambiri. Kenako anavula wawo, kumukweza ku dzuwa, kuseka kuja zii. Anthu pamzere anayamba kuvula awo, wina kukalipa, wina kugwira nthiti. Ndinaona bambo akutembenukira ku msewu.

Anasingano sanakweze mawu. Anati, "Achipatala anati nsalu zikhale ziwiri. Ine ndili ndi ziwiri zomwezi. Yachitatu ndikaitenge kuti?"

Anatambasula dzanja kuti alandire masikiyo. Apo ndi pamene bambo anaona zala zawo, zotupa, zobooka, zokulunga tinsanza. Bambo ankadziwa chifukwa chake mayiyu amasoka pamanja. Anyamata ophwanya makina aja ankadyera pakhonde pa bambo masiku a kampeni. Bambo anayang'ana zalazo nthawi yaitali.

"Makina aja, mayi…"

"Zala zilipo. Weramani ndikumangeni. Ndaika zingwe zazitali, mutu wanu ndimaudziwa."

Bambo anga, munthu amene sindinamuonepo akuweramira aliyense, anavula chipewa n'kuwerama. Mayi wamfupi uja ananyanyamphira n'kuwamanga.

M'kati tinakhala motalikirana, atatu pa benchi. Bambo anakhala nsonga iyi, amuna anga nsonga iyo, ine pakati. Ndinayang'ana mpingo wonse, nkhope zotuwa zokhazokha, ndipo ndinachita mantha abwino, ngati Mulungu wadutsa pafupi kwambiri. Ndale sizinathe, ayi, mpaka lero awiriwa amakangana. Koma abusa atatiitana kutsogolo, amuna anga ananyamula mwana mwachinyamata, kamutu kali lendelende. Bambo anadzuka n'kutitsatira.

"Mkamwini, mugwirizeni khosi mwanayo."

"Chonchi, ababa?"

"Eya, chonchi. Tiyeni."